Chigubu pa Chirundu cha Ada Nkhwazi

Tsoka silinunkha. Likanakhala kuti limanunkha, Yankho Chimbalanga akanalimva Lachitatu lija m'mawa pamene ankatsika njinga yake yamoto pa Senta, akuimba kamluzu ngati munthu amene wawina mlandu. Zifukwa zoimbira anali nazo. Amalume ake anali atalonjeza kuti anyamuka ku Ntcheu Lachisanu, thenga woti akawalankhulire mwa Chitonga anali atapezeka, ndipo Loweruka onse ankayenera kukagwada pakhomo pa ada Nkhwazi ku Kande kukapempha mwana wawo Febby.

Senta imeneyi inali ya yunivesite. Anaimanga kufupi ndi Chintheche kuti izifufuza za mafuta amene ena amati ali pansi pa nyanja, ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito za m'makampani a mafutawo. Yankho ndiye anali woyang'anira wake. Anali ndi ophunzira makumi atatu, labu imodzi, boti limodzi, ndi adani osawerengeka m'madoko onse kuyambira ku Sanga mpaka ku Kande. Asodzi ankati anthu a mafutawa abwera kudzathira chiphe m'munda mwawo, ndipo amene ankalankhula mokweza kuposa onse pamisonkhano anali ada Nkhwazi, wapampando wa komiti ya padoko. Ndiye tangoganizani, mwa atsikana onse a m'boma la Nkhata Bay, mtima wa Yankho unakasankha mwana wa mkulu ameneyo.

Panatenga chaka chathunthu kuti ada Nkhwazi asiye kumutcha "wa mafuta uja" n'kuyamba kumutcha "aphunzitsi". Chimene chinawafewetsa ndi lonjezo limodzi. Yankho anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti Senta sidzachita kanthu m'nyanja mobisa: paliponse pamene azitengapo madzi ndi matope okapima mu labu aziikapo chigubu chachikasu choyandama, ndipo mapu ake aziwamata pabolodi ya padoko kuti aliyense aone.

Anali asanatsegule n'komwe chitseko cha ofesi pamene foni inanjenjemera m'thumba. Inali meseji ya Febby.

"Pamalo paja pali chigubu chachikasu cha ku Senta kwanu. Mabwato ndawerenga khumi ndi anayi, onse akuponya pomwepo. Ada angokhala pamchenga, sakulankhula ndi munthu. Yankho, wandichita chiyani?"

Kamluzu kaja kanathera pakhosi. Anawerenga mesejiyo katatu, makiyi ali m'manja.

* * *

"Pamalo paja" panali pamodzi pokha.

Asodzi a kuno amadziwa kuti pansi pa nyanja pali timapiri ta miyala. Kaphiri kotero amakatcha chirundu, ndipo nsomba zimasonkhana pamenepo. Zina mwa izi aliyense amazidziwa, koma munthu akapeza chakechake amachibisa ngakhale kwa m'bale wake wa bere limodzi. Ada Nkhwazi anali ndi chawo, chimene anawasiyira bambo awo. Kwa zaka makumi anayi ankapitako paokha, kapena ndi mwana wawo wamwamuna Obed asanapite ku Joni. Ankanyamuka ngati akulowera kwina, n'kuzungulira, n'kumiza maukonde osasiya chizindikiro pamwamba pa madzi. Malowo ankawapeza ndi maso: nsonga ya phiri lina ikakhala pamwamba penipeni pa mtengo wa mbawa wa kumanda, ndipo mwala wa kumpoto kwa chilumba ukabisa denga la tchalitchi, ndiye kuti afika. Nsomba zikasowa kwina konse, kwa a Nkhwazi kampango sankasowa. Chirundu chimenecho ndicho chinafolera nyumba yawo ndi malata n'kuphunzitsa Febby mpaka ku koleji.

Lamulungu lina mu Okotobala, nyanja ili bata, Yankho anatenga boti la Senta n'kumutenga Febby. Anali atamufunsira ukwati kawiri konse, mtsikanayo akungoseka. Tsiku limenelo Febby ndiye ankaloza njira, maso ali kumtunda. Atafika pena pake anati, "Zimitsa injini."

Anamuonetsa phiri, mtengo, mwala ndi denga. Kenako anati, "Kunja kwa magazi athu palibe amene anafikapo pano akudziwa pamene ali. Wandifunsa kawiri. Yankho langa ndi limeneli."

Munthu wina akanangolira ndi chimwemwe n'kubwerera kumtunda. Koma sukulu yambiri nayo ili ndi matenda ake. Febby ataweramira m'madzi kuti asambe kumaso, Yankho anatenga GPS ya Senta, kachipangizo kosunga malo kamene kankakhala m'botimo, n'kudina batani. Malowo anawapatsa dzina la chilembo chimodzi, F. Ankati tsiku lina adzabwereko ndi ana awo, awauze kuti amayi anu anandivomera pano. Anyamata akumudzi amalemba dzina la wokondedwa pa khungwa la mtengo, iye anakalemba m'makina a ntchito, ndipo pofika Lolemba anali ataiwala.

* * *

Lachitatu lija, Yankho anamupeza Rebecca Mlauzi mu labu akulemba manambala pa mabotolo a matope. Rebecca ndiye ankakonza maulendo onse a panyanja. Anaphunzira limodzi ndi Yankho ku yunivesite, ndipo atamva kuti mnzakeyo wapatsidwa Senta, anasiya ntchito yabwino ku Blantyre n'kumutsatira. Aliyense pa Senta ankadziwa chifukwa chake, kupatula Yankho amene ankanamizira kusaona.

"Rebecca, dzulo mwaika zigubu zingati?"

"Mwadzuka bwanji kaye, bwana. Zisanu ndi zinayi."

"Pulani yathu inali ya malo asanu ndi atatu."

"Mu GPS munali malo asanu ndi anayi." Rebecca sanadzutse mutu. "Lamulo munaika nokha. Chilichonse chimene chili m'makina chilowe m'pulani, tisabise kanthu." Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala, n'kuliyala patebulo. "Wasayina apayu ndani?"

Anali iye. Anakumbuka bwinobwino. Linali Lachisanu lapita, foni ili pakhutu akukangana ndi telala wa ku Mzuzu za kutalika kwa manja a jekete, ndipo dzanja linangosayina lokha.

"Malo omalizawo analibe nambala, anali ndi chilembo. Sunadabwe?"

"Ndinadabwa, inde. Ndinadzifunsa kuti a Dokotala Chimbalanga ankatani pakati pa nyanja Lamulungu, ndi boti la Senta, osalemba m'buku la maulendo. Koma ine ndine ndani kuti ndifunse?"

"Unadziwa, Rebecca."

"Ndinadziwa kuti F si ine." Anatseka botolo mwamphamvu. "Zinazo ndaziona dzulo. Matope sitinawapeze n'komwe, pansi pake ndi miyala yokhayokha. Pamene tinkachoka, msodzi wina anabwera kudzaona chigubucho, n'kuponya mbedza mongoyesa. Anakoka kampango wotalika ngati mwendo wangawu. Anabwerera kumtunda akukuwa."

Yankho anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Tumiza boti akachichotse. Pompano."

"Boti likhoza kupita. Koma mapu ndinakamata ndekha padoko Lolemba, monga munawalonjezera apongozi anu. Anandilandira bwino, anthu aulemu, anayang'ana timadontho tija n'kugwedeza mutu osadziwa kuti akuona chiyani. Lipoti nalo lapita kale ku yunivesite. Ndipo asodzi amene ali pamenepo panopa ali ndi maso, aliyense watenga kale zizindikiro zake. Madzi akatayika sawoleka, bwana."

Kenako mawu ake anafewa, zoti "bwana" zija n'kuzisiya. "Yankho, bwanji ukudzizunza? Anthu awa sadzakulandira. Lero ndi chigubu, mawa chidzakhala china. Iwe ntchito yako ndi mafuta, iwo moyo wawo ndi nsomba. Ukufuna uzidzagona m'nyumba imodzi ndi msonkhano wa padoko?"

Yankho anatola chipewa cha njinga n'kutuluka, ophunzira amene ankamudikira m'kalasi n'kuwaiwala.

* * *

Febby ankagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Kande. Anatuluka nthawi ya nkhomaliro n'kumupeza Yankho kuseri kwa mpanda wa bango, kumene antchito amayanikako zovala. Maso ake anali ofiira, koma misozi inali itauma.

"Ndiuzeni kuti si inu."

Chiyambireni chibwenzi chawo, Febby anali asanamunenepo kuti "inu".

"Febby, ndinangofuna kusunga malo amene unandivomera. Ndinadina batani limodzi. Sindinaganize..."

"Kusunga? Mtima woti musungiremo mulibe? Ndinakupatsani chinthu cha m'nyumba mwathu, inu n'kukachiika m'makina a ofesi, ogwira aliyense?"

"Ndalakwa."

"Mukudziwa mmene ada anandiuzira? Chaka chatha, pamene BP inawagwetsa. Anali pabedi kuchipatala, diripi ili pamkono, pakamwa patapotoka. Ankaona ngati sadzukanso. Anatulutsa ama panja, n'kundikokera pafupi, n'kunditchulira zizindikiro zija chimodzichimodzi mpaka nditaloweza. Anandilumbiritsa kuti Obed yekha, akadzabwera ku Joni. Mwana wamkazi sauzidwa zimenezi kuno, Yankho. Anandiyesa mwamuna wa pakhomo. Ndipo ine ndinakuuzani inu chifukwa ndinkati ndinu wathu."

Anatembenukira ku mpanda n'kuyamba kuthothola timasamba touma ta bango. Yankho anafuna kumugwira paphewa, koma dzanja linabwerera panjira.

"Lero anapita m'bandakucha kukavuula maukonde," Febby anapitiriza, akuyang'anabe kumpanda. "Anapeza msika. Maukonde awo akolana ndi a anthu, ena awadula ndi mipeni. Pobwera, a Mavuto aja amene amalimbana nawo za upampando anawalandira ndi kuseka pamaso pa doko lonse. Akuti, 'Ada, zaka zonsezi mumadya nokha, lero mkamwini wanu wa mafuta watigawira.' Ada sanayankhe. Tiyi sanamwe."

"Ndipita ndikawauze kuti wolakwa ndine."

"Ndiye akakufunsani kuti munadziwa bwanji?" Anatembenuka. "Ndiwauza ndekha. Ndatopa ndi kunjenjemera."

"Ayi, Febby. Adokotala anati chiyani za BP ija?"

"Anati asadzakwiyenso kwambiri." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Inu simuwadziwa. Ada sakalipa, samenya. Amangosiya kukutchula dzina. Mng'ono wawo weniweni anawabwereka bwato n'kukalipereka kwa munthu wina osapempha. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, amadutsana pamaliro ngati alendo. Limenelo linali bwato chabe."

Nthawi yomweyo foni inawala m'manja mwa Yankho. Inali meseji ya Rebecca. Akanaibweza m'thumba mwina zikanapita, koma anayang'ana, nkhope n'kusintha, ndipo Febby anaitsomphola. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"'Usadandaule, ine pakamwa panga ndi potseka. Za F zikhala za ife awiri. Madzulo ndiphika chambo, ubwere tikambirane mmene ndingakuthandizire.'"

"Febby, si mmene ukuganizira."

"Za ife awiri." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye kuti Rebecca akudziwa. Chinsinsi cha bambo anga chasanduka ndiwo zodyera limodzi inu ndi Rebecca."

"Ndi amene anatsitsa malowo mu GPS. Sindinamuuze kanthu, anangoganiza yekha. Kunyumba kwake sindinapondeko ndipo sindipondako."

"Mkazi amene anachoka ku Blantyre kukutsatirani kuno, lero wagwira khosi langa m'manja mwake, inu mukuti ndisaganize?" Anamubwezera foniyo ngati yotentha. "Ndinatumidwa. Ada akuti mufike kunyumba 3 koloko. Nokha."

Analowa mumpanda osacheuka. Yankho anatsala pakati pa nsalu za pabedi zoyanikidwa, akuchita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

* * *

Dzuwa la Novembala linali likuwotchabe pamene anaimika njinga kunja kwa bwalo la a Nkhwazi. Mkuluyo anali pansi pa mtengo wa mango, maukonde odukaduka ataunjikana pamiyendo pake, akusoka. Anali munthu wowonda, wa imvi zochepa, ndipo phewa lamanzere linali lotsika pang'ono kuchokera pa matenda aja. Ama NyaMhone, amayi ake a Febby, anabweretsa mpando n'kubwerera m'nyumba. Febby anali atapempha kuweruka msanga. Anakhala pakhomo la khitchini akusenda chinangwa choti akaviike, mutu uli pansi.

"Timuoneni, aphunzitsi."

"Yewu, ada."

Mkuluyo anapitiriza kusoka. Yankho ankamva mpeni wa Febby ukukhwekhwereza pa chinangwa.

"Munatilonjeza kuti simudzachita kanthu m'nyanja mobisa," ada Nkhwazi anayamba, m'Chichewa chawo chapang'onopang'ono. "Apo mwasunga. Mwachita poyera, dziko lonse laona."

"Ada, ndabwera kudzapepesa. Chigubucho tichichotsa lero lomwe."

"Awa, ayi, chisiyeni. Mukachotsa chigubu muchotsanso maso a anthu? Lero anali mabwato khumi ndi anayi. Mawa adzakhala makumi atatu. Pofika Khirisimasi padzatsala miyala yokha." Anakoka ulusi ndi mano. "Sindinakuitanireni nsomba. Nsomba zapita. Sindinakuitanireni za mafuta anu, zimenezo tidzakumana padoko. Ndakuitanirani funso limodzi."

Anaika ukonde pansi n'kumuyang'ana m'maso.

"Nyanja iyi ndi yaikulu, aphunzitsi. Ine ndakalambira momwemu ndipo sindinaimalize. Munthu wa ku Ntcheu, kumene madzi mumatunga pamjigo, wapita bwanji kukaponya nangula pamwamba penipeni pa chirundu changa? Osaphonya ngakhale mkono umodzi?"



"Odziwa malo aja tilipo atatu," mkuluyo anapitiriza. "Ine. Obed, amene ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano ndipo simunamuonepo. Wachitatu..."

Sanatembenuke kuyang'ana kukhitchini. Sanafunikenso kutero. Mpeni uja unali utasiya kulira. Yankho anaona Febby akuika chinangwa m'beseni, akupukuta manja pachitenje, akugwada bwinobwino ngati munthu wokonzeka kulandira chilango. Anaona milomo yake ikutseguka.

"Ada..." Febby anayamba.

"Ndi makina, ada!" Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene Yankho ankafunira. "Tili ndi makina oonera pansi pa nyanja. Timawamangirira kuboti, amatumiza mawu pansi, mawuwo akabwerera amajambula chilichonse, mchenga, matope, miyala. Miyezi yapitayo tinadutsa nawo dera lonselo ndipo anationetsa phiri pansi pa madzi. Ife tinangoona kuti ndi malo ofunika kupima. Sitinadziwe kuti ali ndi mwini wake. Palibe munthu anandilozera."

Makinawo analipodi, pamenepo sananame. Koma anapsa mu Juni, wophunzira wina atasemphanitsa mawaya a batire, asanagwire ntchito ngakhale sabata imodzi. Kuyambira pamenepo anali m'bokosi pansi pa tebulo la mu labu, akudikira chitsulo china chochokera kunja chimene mwezi uliwonse ankati chili m'njira.

Ada Nkhwazi anamuyang'anitsitsa. Kenako mapewa awo anatsika, ndipo anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Makina," anatero. "Ndinamvapo kuti azungu ali nazo zotero." Anatembenukira kukhitchini. "Febby, mwana wangu, sendera kuno."

Febby anabwera n'kugwada pambali pawo. Mkuluyo anaika dzanja pamutu pake.

"Undikhululukire. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukuganizira zoipa. Ndimati mwana amene ndinamuuza mawu anga omaliza wandigulitsa chifukwa cha mwamuna. Nsomba sizinandipweteke ngati zimenezo. Ndimafuna kufa pamchenga paja."

Febby anagwetsa nkhope m'manja n'kuyamba kulira mosadziletsa. Bambo ake ankamusisita kumutu, akuganiza kuti akulira chifukwa chomunamizira. Yankho anayang'ana pansi. Manyazi anamugwira mpaka anafuna nthaka ing'ambike, komabe pansi pa manyaziwo mtima unayamba kukhazikika. Ankaona ngati awoloka.

Anaiwala kuti ankalankhula ndi munthu amene wakhala zaka makumi anayi akusocheretsa doko lonse.

"Koma aphunzitsi," ada Nkhwazi anatero akutolanso ukonde wawo, "ine ndine msodzi. Nsomba ndimaikhulupirira ikalowa m'bwato. Ndipo a Mavuto ndi anzawo sangamve za makina amene sanawaone. Adzati nkhalamba ikubisa manyazi a m'nyumba mwake."

"Ndikhoza kudzafotokoza padoko, ada."

"Kufotokoza mumatha, ndinakumvani. Ine ndikufuna kuona." Analoza ndi chibwano chakumpoto. "Pali chirundu china. Chaching'ono, ndinachipeza ndekha ndili mnyamata. Chimenecho sindinauzepo munthu. Obed sachidziwa, Febby sachidziwa, amayi akewa sachidziwa. Lachisanu m'mawa mubwere ndi boti lanu ndi makina anuwo. Ndikwera nanu, ndi akuluakulu awiri a komiti. Ndidzakuonetsani dera lake, kuchokera apa kufika apo, ndipo ine ndidzakhala chete. Makina anu afufuze."

Yankho anamva ngati mpando ukutitimira mumchenga.

"Akachipeza, ndataya chachiwiri, palibe kanthu. Ndidzakhala nditagula dzina la mwana wanga. Ndidzaimirira padoko n'kunena kuti m'nyumba mwa Nkhwazi mulibe wogulitsa, ndipo Loweruka thenga wanu ndidzamulandira ndi manja awiri." Analowetsa ulusi mu ukonde, n'kumanga mfundo, n'kuikoka. "Akalephera, amalume anu asavutike kutsika basi. Ndipo ine ndidzadziwa kuti ndinabereka mwana mmodzi yekha, amene ali ku Joni."

"Ndamva, ada," Yankho anatero.

"Yewu. Febby, aperekeze alendo."

* * *

Anayenda mpaka pamene panali njinga, kuseri kwa munda wa chinangwa. Atangobisika, Febby anamugwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Nkhope yake inali yonyowa, koma maso anali akuwala.

"Wandipulumutsa, Yankho. Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Zimene ndinakunena masana zija undikhululukire, unali mantha." Anamufinya dzanja. "Ndikudziwa kuti tachimwa, ndidzawauza tsiku lina akadzalimba, ana athu ali pamiyendo pawo. Koma panopa ungowapezera chirunducho basi. Makinawo amaona chilichonse, eti? Ngakhale chaching'ono?"

Yankho anayang'ana nkhope imene anaikonda kuyambira tsiku loyamba, ndipo anaona kuti bodza lachiwiri pa tsiku limodzi sangalithe.

"Febby, makinawo anapsa mu Juni."

Mtsikanayo sanamvetse msanga. Kumwetulira kunakhalabe pamilomo kanthawi, maso okha ndi amene anayamba kuzima.

"Anapsa bwanji? Ndiye muwakonza. Lero ndi Lachitatu."

"Chitsulo chake sichipezeka m'dziko muno. Takhala tikudikira miyezi isanu."

"Kubwereka kwina?"

"Sindikudziwa kumene kuli ena. Ngakhale atapezeka, sangafike kuno pofika Lachisanu."

Manja a Febby anamasuka pang'onopang'ono mpaka dzanja la Yankho linagwa lokha.

"Akudziwa ndani kuti ndi akufa?"

"Wophunzira amene anawaotcha anamaliza maphunziro, anapita kwawo. Tatsala awiri. Ine... ndi Rebecca. Bokosilo lili pansi pa tebulo lake."

Febby anatseka maso. Asanapeze chonena, kunamveka mapazi m'munda muja. Anali ada Nkhwazi, akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, nkhope ili yowala kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. M'dzanja linalo ananyamula mango anayi akupsa.

"Aphunzitsi, munyamuleko awa, musachoke pakhomo pano chimanjamanja ngati mdani." Anaika mangowo m'manja mwa Yankho. "Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mtsikana uja anabwera kudzamata mapu padoko, waulemu uja, anati ndi amene amayendetsa za panyanja ku Senta kwanu. Lachisanu ndi kutali. Mawa m'mawa ndikupita kuchipatala ku Chintheche kukatenga mankhwala a BP. Pobwerera ndidzadzera ku Senta, andionetse makinawo ndi maso anga, ndimufunse ndekha mmene anapezera chirundu changa."